Phulusa limene anthu a ku Oradour anakana kupereka ku boma

Pafupi ndi manda a mudzi wa Oradour-sur-Glane, m'dziko la France, pali chipinda chapansi pa nthaka chimene boma linamanga kuti musungidwe phulusa la anthu amene anaphedwa m'mudzimo pa 10 Juni 1944, m'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Chipindacho chinamangidwa mpaka kutha, koma phulusalo silinalowemo kufikira lero. Abale a anthu ophedwawo anakana kulipereka, ndipo anamanga chipilala chawochawo m'kati mwa manda a mudziwo, kamtunda kochepa kuchokera pa chipinda cha bomacho, ndi ndalama zosonkha. Alendo ambiri amene amapita kukaona mabwinja a Oradour amabwerako akudziwa zimene asilikali a Germany anachita, koma si onse amene amabwerako atamvetsa kuti mudziwu unakhalanso zaka zambiri uli pa mkangano waukulu ndi boma la dziko lake lomwe. Mkangano wachiwiriwu ndi umene ndikufuna kunenapo, ndipo ndinene poyambirira pomwe kuti ine ndikuona kuti anthu a ku Oradour sanalakwe pokana, ngakhale kuti kukanako kunawapweteka iwo eni ndi ana awo.

Oradour unali mudzi wa alimi, amisiri ndi eni timasitolo, m'boma la Haute-Vienne, chigawo cha Limousin, makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku mzinda wa Limoges. Sitima yamagetsi inkadutsa pakati penipeni pa msewu waukulu wa mudziwo, ndipo anthu a m'tauni ankakwera sitimayo kudzawedza nsomba mu mtsinje wa Glane kapena kudzafuna chakudya, popeza m'nthawi ya nkhondo kumudzi kunkapezeka zinthu zimene m'tauni zinali zitasowa. Tsikulo linali Loweruka, patangopita masiku anayi asilikali a Britain, America ndi Canada atakocheza ku Normandy, m'mphepete mwa nyanja kumpoto kwa France. M'mudzimo munali anthu ambiri kuposa masiku onse chifukwa linali tsiku logawa fodya, ndiponso ana ochokera m'timidzi tozungulira anali pasukulu kudzapimidwa ndi achipatala. Munalinso anthu othawa kwawo: mabanja amene Ajeremani anawapirikitsa ku Moselle, dera la France la m'malire ndi Germany, ena ochokera ku Spain, ndi Ayuda angapo amene ankaganiza kuti apeza pobisala pabwino.

Cha m'ma 2 koloko masana, asilikali a Germany pafupifupi 200 a gulu lotchedwa Das Reich, limene linali nthambi ya SS, gulu lankhondo la chipani cha Hitler, anazinga mudziwo. Anauza anthu onse kuti asonkhane pabwalo la msika kuti awaone ziphaso, ndipo ambiri anapita osawiringula, chifukwa m'mudzimo munalibe zigawenga kapena zida zobisika, choncho sankaona choopa. Aphunzitsi anabwera ndi ana awo ali pamizere. Kenaka asilikaliwo anapatula amuna n'kuwagawa m'magulu asanu ndi limodzi, m'mashedi osungiramo udzu ndi m'magalaja, pamene amayi ndi ana anawatsekera m'tchalitchi. Chizindikiro chitaperekedwa, mfuti zinalira m'malo onsewo nthawi imodzi. Ambiri anawomberedwa m'miyendo, ndipo ali amoyo choncho anawaunjikira udzu ndi nkhuni pamwamba n'kuyatsa moto. Mwa amuna onse amene analowetsedwa m'mashedimo, asanu okha ndi amene anatulukamo n'kukhala moyo, onsewo ochokera mu shedi imodzi, ndipo mmodzi wa iwo anali Robert Hébras, mnyamata wa zaka 18 wokonza magalimoto, amene mayi ake ndi alongo ake awiri anali m'tchalitchi.

Zimene zinachitika m'tchalitchimo tikuzidziwa chifukwa cha mayi mmodzi yekha, Marguerite Rouffanche, amene anali ndi zaka 46. Asilikali anaika bokosi pafupi ndi guwa n'kuliyatsa, m'tchalitchi monse munadzaza utsi wakuda, ndipo amayi atayamba kuthamangira kuzitseko anawomberedwa, kenaka moto unayatsidwa. Mayi Rouffanche anabisala kuseri kwa guwa, anapeza kamakwerero kamene ankakwerapo poyatsa makandulo, anakwera mpaka pawindo n'kudziponya panja, pamtunda wa mamita pafupifupi atatu. Mayi wina wachitsikana anawatsatira ali ndi khanda, koma kulira kwa mwanayo kunachititsa kuti asilikali awaone, ndipo mayiyo ndi khanda lake anaphedwa pomwepo. Mayi Rouffanche analasidwa ndi zipolopolo zisanu, anakwawa mpaka m'dimba n'kugona pakati pa mizere ya nsawawa mpaka madzulo a tsiku lotsatira. Tsiku limenelo anataya amuna awo, mwana wawo wamwamuna, ana awo aakazi awiri ndi mdzukulu wa miyezi isanu ndi iwiri.

Kwa zaka zambiri chiwerengero cha ophedwa chinali 642, ndipo mu 2020 khoti linawonjezerapo dzina la mayi wina wa ku Spain amene anaiwalika pa mndandanda, kotero kuti tsopano ndi 643. Oposa 200 anali ana. Koma chiwerengero chimene chimafotokoza bwino nkhani ya phulusa ija ndi china: mitembo 52 yokha ndi imene inazindikirika kuti uyu ndi uje. Ena onsewo anasanduka phulusa ndi tizidutswa ta mafupa tosakanikirana, mwana ndi gogo, mwini mudzi ndi mlendo. Munthu aliyense amene anaikapo m'bale wake m'manda angamvetse tanthauzo la zimenezi. Mabanja amenewa analibe mtembo woti asambitse, analibe mtumbira woti aziulozera ana, ndipo chinthu chokha chimene chinawatsalira m'manja chinali phulusa la onse pamodzi. Pamene ankakana kulipereka ku boma, sankakana kachinthu kakang'ono.

Boma silinachedwe kuulemekeza mudziwu. General Charles de Gaulle, mtsogoleri wa France pa nthawiyo, anafikako mu Malichi 1945 nkhondo isanathe, ndipo mu 1946 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lakuti mabwinjawo asagwetsedwe kapena kumangidwanso, koma asungidwe monga analili kuti akhale chikumbutso cha dziko lonse. Mudzi watsopano unayamba kumangidwa pambali pake ndi ndalama za boma. Panabwera mamendulo aulemu, panabwera nduna ndi pulezidenti, ndipo dzina la Oradour linasanduka chizindikiro cha France wosalakwa amene anazunzidwa ndi mdani wochokera kunja. Ndinene mosapita m'mbali kuti chizindikiro chimenechi chinali chothandiza kwambiri ku dziko limene linali litangotuluka m'zaka zinayi za ulamuliro wa Vichy, boma la France limene linkagwirizana ndi Germany, pamene Afalansa ena ankagwira Afalansa anzawo n'kuwapereka kwa Ajeremani. Mudzi wa anthu osalakwa wotenthedwa ndi SS unali nkhani imene aliyense akanailira popanda kufunsana mafunso ovuta. Makoma sayankha, ndipo kuwasunga sikukhumudwitsa wovota aliyense.

Mavuto anayamba pamene anthu amoyo anafuna mlandu. Panadutsa zaka zoposa zisanu ndi zitatu mlanduwo usanazengedwe, ndipo utayamba pa 12 Januwale 1953 ku bwalo la milandu la asilikali mu mzinda wa Bordeaux, amene anakhala pa benchi ya oimbidwa mlandu anali anthu 21 okha, onse a maudindo apansi. Asanu ndi awiri anali Ajeremani. Otsala 14 anali nzika za France, ochokera ku Alsace, chigawo cha m'malire ndi Germany. Mmodzi wa iwo, Georges-René Boos, analowa m'gulu la SS mwa kufuna kwake, koma 13 enawo anali m'gulu la anthu amene kumeneko amatchedwa malgré-nous, kutanthauza amene anavekedwa yunifolomu ya Germany asakufuna. Apa nkhani yosavuta ija ya mdani wochokera kunja inasokonekera, chifukwa zinaonekera poyera kuti ena mwa amene anazinga Oradour ankalankhula ndi anthu a m'mudzimo monga nzika za dziko limodzi.

Sikungakhale chilungamo kupitirira popanda kumva bwino mbali ya Alsace, chifukwa dandaulo lawo silinali lopeka. Mu 1940 Germany inalanda Alsace ndi Moselle n'kuzisandutsa mbali ya dziko lake, ndipo boma la Vichy silinachite chooneka kuti liwateteze. Kuyambira mu Ogasiti 1942 anyamata a kumeneko anayamba kulembedwa usilikali mokakamiza, ndipo onse pamodzi anakwana pafupifupi 130,000, ambiri mwa iwo anatumizidwa kukamenya nkhondo kum'mawa, kumene zikwi makumi angapo sizinabwerereko. Wothawa ankadziwa kuti banja lake lonse lisamutsidwa n'kulandidwa katundu. Mu Febuluwale 1943 anyamata 18 a m'dera la Ballersdorf anayesa kuthawira ku Switzerland, ndipo 17 mwa iwo anaphedwa, kuti ena aone. Ambiri mwa amene anazengedwa mlandu ku Bordeaux anali ndi zaka 17 kapena 18 pa tsiku la Oradour, ndipo ena anadzathawa m'gulu la SS pambuyo pake n'kumenyera nkhondo mbali ya France. Choncho anthu a ku Alsace ankaona kuti dziko limene linawataya mu 1940 likuwazenga mlandu chifukwa cha zotsatira za kutayidwa komweko, ndipo pafupifupi banja lililonse linkaona mwana wake mwa anyamata 13 aja.

Oweruza anamva umboni kwa mwezi wathunthu, kuphatikizapo wa mayi Rouffanche ndi wa amuna amene anapulumuka mu shedi. Pa 13 Febuluwale anagamula kuti Mjeremani mmodzi, Karl Lenz, pamodzi ndi Boos aphedwe. Mjeremani mmodzi anapezeka wosalakwa, ndipo ena onse analamulidwa kukakhala kundende zaka zosiyanasiyana, kuyambira 5 mpaka 12. Ku Limousin anthu anakwiya kuti chilangocho chinali chochepa kwambiri. Ku Alsace anakwiya kuti panali chilango n'komwe: mabelu a matchalitchi analira, mameya anayenda pa msewu mu mzinda wa Strasbourg, likulu la Alsace, chipilala cha asilikali chinakutidwa ndi nsalu yakuda, ndipo ku Paris atsogoleri anayamba kuopa kuti chigawo cha m'malire ndi Germany chikhoza kutaya mtima ndi France. Pa 19 Febuluwale, masiku asanu ndi limodzi chiperekedwere chigamulo, aphungu 319 anavomereza lamulo lofufuta mlandu wa onse amene analowa usilikali mokakamizidwa, pamene 211 anakana. Pa 21 Febuluwale m'bandakucha anyamata 13 aja anatulutsidwa m'ndende n'kubwerera kwawo.

Amene amaikira kumbuyo zimene aphunguwo anachita amati boma linali pakati pa moto uwiri, ndipo linasankha kupulumutsa umodzi wa dziko. Alsace inali ndi anthu ambiri, inali yolemera, inali pa malire. Limousin inali yosauka, ya alimi, ndipo ambiri kumeneko ankavotera zipani za chikomyunizimu ndi zosoholizimu zimene zinalibe mphamvu m'boma la nthawiyo. Ine sindikutsutsa kuti anyamata 13 aja ankayenera chifundo. Chimene ndikutsutsa ndi mtundu wa chifundocho ndi liwiro lake. Malamulo a France anali ndi njira ziwiri. Pulezidenti Vincent Auriol anali ndi mphamvu yokhululukira munthu mmodzimmodzi, kumuchepetsera kapena kumuchotsera chilango, koma chigamulo chakuti analakwa chikanakhalabe m'mabuku. Njira imene aphungu anasankha ndi imene imafufuta chigamulo chenichenicho, ngati kuti khoti silinakhale pansi. Kusiyana kwake si kwa akatswiri a malamulo okha. Njira yoyamba ikanauza mayi Rouffanche kuti umboni wawo wamveka, olakwa apezeka, koma dziko lawachitira chifundo chifukwa anali ana okakamizidwa. Njira yachiwiri inawauza kuti mwezi wonse umene anakhala akufotokoza mmene ana awo anapsera unali wongotaya nthawi.

Palinso mfundo ina imene imasokonekera anthu akamakamba za kukakamizidwa. Kukakamizidwa kuvala yunifolomu ndi chinthu china, ndipo zimene munthu anachita ndi manja ake Loweruka lija ndi chinthu china. Khoti la ku Bordeaux, ngakhale linali ndi zofooka zake, linayesetsa kusiyanitsa amene anangolondera m'mphepete mwa mudzi, amene ananyamula nkhuni kupita nazo kutchalitchi, ndi amene anawombera, n'chifukwa chake zilango zinasiyana. Nyumba ya malamulo inafafaniza kusiyanitsa konseko ndi dzanja limodzi. Pochita zimenezi inalakwira anthu a ku Oradour, komanso, ngati tiganiza mofatsa, sinawathandize kwenikweni a ku Alsace, chifukwa m'maso mwa anthu ambiri a ku Limousin dzina la malgré-nous linasanduka dzina la anthu amene anazemba chilango, pamene ochuluka zedi mwa 130,000 aja sanafikeko n'komwe ku Oradour ndipo ambiri anafera m'chipale chofewa cha ku Russia.

Chokhumudwitsa koposa ndi chakuti zigawo ziwiri za France zinkalumana pa nkhani ya asilikali wamba pamene akuluakulu amene analamula zonsezi ankagona tulo tabwino. Adolf Diekmann, amene anatsogolera asilikali ku Oradour, anafera ku Normandy mwezi womwewo wa Juni 1944, choncho iye sakanapezeka. Koma Otto Kahn, mkulu wa kagulu kamene kanagwira ntchitoyo, anakhala moyo mpaka 1977 osalowa m'ndende. Heinz Lammerding, mkulu wa gulu lonse la Das Reich, anali ataweruzidwa kale ndi khoti la France kuti aphedwe chifukwa cha amuna 99 amene asilikali ake anawapachika pa makhonde ndi pa mitengo ya magetsi mu mzinda wa Tulle pa 9 Juni, dzulo lake la Oradour, koma chigamulocho chinaperekedwa mwini wake kulibe. Iye ankakhala ku Düsseldorf, anali ndi kampani ya zomangamanga yodziwika ndi dzina lake lenileni, ndipo anamwalira mu 1971 ali mfulu, popeza malamulo a West Germany sankalola kupereka nzika ku dziko lina. Khoswe anali atakhala pa mkhate, ndipo m'zaka zimenezo, pamene mayiko a kumadzulo ankafuna West Germany kumbali yawo polimbana ndi Soviet Union, panalibe amene anali wokonzeka kuswa mkhatewo. Msilikali wa udindo mmodzi yekha, Heinz Barth, ndi amene anadzaweruzidwa ali pomwepo, ku East Berlin mu 1983. Analamulidwa kukhala kundende moyo wake wonse, anatulutsidwa mu 1997 chifukwa cha matenda, ndipo anamwalira mu 2007. Pofika 1958, onse amene anapezeka olakwa ku Bordeaux, ngakhale awiri oyenera kuphedwa aja, anali atatuluka kapena ali pafupi kutuluka, chilango cha imfa chitasinthidwa.

Mudzi wa anthu ochepa ulibe asilikali, ulibe aphungu okwanira kusintha voti, ndipo ulibe khoti lina lokadandaulako. Anthu a ku Oradour anagwiritsa ntchito zimene anali nazo. Anabweza mamendulo aulemu amene boma linawapatsa, kuphatikizapo Croix de guerre. Anasiya kuitana akuluakulu a boma pa mwambo wa chikumbutso wa chaka ndi chaka. Pa khomo lolowera ku mabwinja anakhomapo zikwangwani ziwiri, china cha mayina a amene anapezeka olakwa, china cha mayina a aphungu onse amene anavomereza kufufuta mlandu, ndipo pa mndandandawo panali dzina la François Mitterrand, amene anadzakhala pulezidenti pambuyo pake. Zikwangwanizo zinakhalapo mpaka m'ma 1960. Ndipo anakana kupereka phulusa lija. Ena anati kumeneku kunali kusunga chakukhosi, koma ine ndikuona kuti kunali kulankhula zoona m'njira yokhayo imene inatsala. Boma linkafuna kutenga akufawo kuti akhale chuma cha dziko lonse, pamene linali litangokana kuwaweruzira mlandu wawo. Linkafuna maliro osafuna mlandu. Abale anayankha kuti amene wakana chimodzi asatenge chinacho.

Sindingabise kuti mkwiyo umenewu unali ndi mtengo wake, ndipo amene anaulipira kwambiri anali ana obadwa nkhondo itatha. Mudzi watsopano unali wotuwa, wa nyumba zosapakidwa utoto wowala, misewu yake inakhala zaka zambiri yopanda mayina, ndipo zisangalalo monga magule ndi maukwati zinkaletsedwa kapena kupewedwa, makamaka m'mwezi wa Juni. Mwana wokulira pamalo otere amakula akumva kuti kuseka kwake kukulakwira anthu amene sanawaonepo. Munthu akhoza kunena kuti bungwe la mabanja a ophedwa linapitirira muyeso pa zimenezi, ndipo mwina akhoza kukhala ndi mfundo. Koma ndikukayika ngati chisoni chikanauma chotere mlandu ukanatha bwino. Maliro amene sanalongosoke sachoka m'nyumba, ndipo amene anawasiya osalongosoka mu 1953 sanali anthu a m'mudzimo.

Wina angafunse kuti ngati boma linagwiritsa ntchito mabwinjawo pobisa manyazi ake, bwanji osangowagwetsa n'kumanga mudzi pamalo pomwepo kuti moyo upitirire? Yankho lili ku mudzi wina wotchedwa Maillé, m'boma la Indre-et-Loire. Pa 25 Ogasiti 1944 asilikali a Germany anapha anthu 124 mwa anthu pafupifupi 500 a m'mudzimo, kuyambira khanda la miyezi itatu mpaka nkhalamba ya zaka 89, ndipo nyumba 52 mwa 60 zinawonongedwa. Tsiku limenelo ndi lomwe mzinda wa Paris unamasulidwa, choncho chaka ndi chaka dziko linkavina ku Paris pamene Maillé ukulira wokha. Mudziwo unamangidwanso pamalo pomwepo mofulumira, ndipo palibe khoma lopserera limene linatsala. Munthu mmodzi yekha, Gustav Schlüter, anaweruzidwa mu 1952 iye kulibe, ndipo anamwalira ku Germany mu 1965 osalangidwa. Kwa zaka pafupifupi 60 Afalansa ambiri sankalidziwa n'komwe dzina la Maillé. Nyumba ya chikumbutso inatsekulidwa mu 2006, ndipo pulezidenti woyamba kufikako pa tsiku la chikumbutso anali Nicolas Sarkozy mu 2008. Choncho makoma a Oradour ali ndi ntchito, ndipo de Gaulle sanalakwe kuwasunga. Mfundo yanga ndi yakuti makomawo anali ngongole yosavuta kubweza, ndipo boma litaibweza linadziona ngati lamaliza.

Ubale unabwerera pang'onopang'ono, ndipo ndi bwino kuona amene anaubweretsa. Mitterrand anafika ku Oradour ali pulezidenti mu 1994. Mu 1998 meya wa Strasbourg, Roland Ries, anabwera pa mwambo wa 10 Juni, chinthu chimene m'mbuyomo sichikanatheka. Mu 1999 pulezidenti Jacques Chirac anatsekulira nyumba ya chikumbutso imene inamangidwa kuti alendo azidzeramo polowa ku mabwinja. Pa 4 Sepitembala 2013 pulezidenti wa Germany, Joachim Gauck, anaima m'tchalitchi chopanda denga chija pamodzi ndi pulezidenti wa France wa nthawiyo, François Hollande, ndipo pakati pawo panali Robert Hébras, wa zaka 88, atagwirana nawo manja. Chithunzi chimenecho chinali ndi mphamvu chifukwa Hébras anali ndi ufulu wokana ndipo anasankha yekha kuvomera, patadutsa zaka 69, iye atayenda kale maulendo ambiri kukalankhula ndi ana asukulu a ku France ndi a ku Germany. Chimene aphungu 319 anafuna kuchita m'masiku asanu ndi limodzi m'dzina la anthu ena, iye anachichita m'dzina lake, pa nthawi yake. Ndipo ngakhale pa tsikulo bala la 1953 linali lisanapole, chifukwa Hébras yemweyo anali ndi chigamulo pamutu: mu 2012 khoti la apilo la ku Colmar linamupeza wolakwa pa mlandu woipitsa mbiri, mabungwe a malgré-nous atamusumira chifukwa cha mawu amene analemba okayikira kukakamizidwa kwa anyamata a ku Alsace aja. Khoti lalikulu linafufuta chigamulocho mu Okutobala 2013, patapita milungu ingapo chichokere Gauck.

Mayi Rouffanche anamwalira mu 1988 ndipo anaikidwa m'manda a Oradour. Hébras, womaliza mwa opulumuka, anamwalira mu Febuluwale 2023 ali ndi zaka 97. Tsopano umboni watsala m'zinthu, ndipo zinthuzo zikutha. Mvula ndi chisanu zikugumula makoma, galimoto imene ili pabwalo la msika ikudyeka ndi dzimbiri mpaka kutsamira pansi, makina osokera amene ali pa mawindo a nyumba zambiri akunyenyeka, ndipo amisiri amakhalira kuchirikiza ndi kumata kuti bwinja lisasiye kuoneka ngati bwinja. Njanji ya sitima ija ikadali mu msewu, mawaya ake ali m'mwamba, ndipo m'tchalitchi muli chitsulo cha belu limene linasungunuka ndi moto pamodzi ndi zotsala za ngolo yoyendetsera khanda. Mu Ogasiti 2020 anthu ena anabwera usiku n'kulemba pa khoma la nyumba ya chikumbutso, kufufuta liwu lakuti ofera n'kuikapo lakuti abodza. Atsogoleri a zipani zonse anadzudzula mwamphamvu, monga kunayenera, ndipo pambuyo pake boma linalonjeza ndalama zokonzera mabwinjawo.

Chipinda chapansi chija sichinakhale chopanda kanthu mpaka kalekale. Kuyambira m'ma 1970 mumasungidwa tinthu timene tinatoledwa m'phulusa la nyumba: mawotchi amene anaima moto utawafika, magalasi a m'maso, malumo, ndalama zachitsulo zosungunukira pamodzi, zidole za ana. Mlendo akatuluka m'menemo amayenda pang'ono n'kulowa m'manda, kumene pa mitumbira ya mabanja pali zithunzi za anthu amene sanaikidwemo, chilichonse chili ndi dzina, zaka ndi tsiku limodzi lomwelo. Kumapeto kwa mandawo kuli chipilala chachitali cha abale, mayina ali pa khoma kumbuyo kwake, ndipo patsinde pake pali timabokosi tiwiri tokhala ndi galasi pamwamba, m'mene mukuoneka tizidutswa ta mafupa opserera.